NDEKE ZAZING'ONO ZA MAGETSI: ULENDO WAKE UYAMBIRA PA THEBULO

Ku midzi ya ku Katete, Chadiza, Petauke ndi Chipata kulibe mnyamata amene sanaonepo galimoto ya waya kapena ndeke ya mapesi. Anthu akatha kukolola cimanga, ana asenda phesi, natenga mtima wake wofewa, naulumikiza ndi timitengo tosongola kufikira pataoneka cinthu ca mapiko awiri ndi mcira. Ndeke yotere iuluka m'dzanja la mwini wake cabe, iye akuthamanga pabwalo ndi kulira pakamwa monga injini. Koma mu Lusaka, monganso m'mizinda yina ya dziko lapansi, muli anthu, ana ndi akulu omwe, amene ali ndi ndeke zazing'ono zimene zinyamuka ndithu, nizikwera kupitirira mitengo ya bulugamu, nizizungulira monga kabawi, nizibwerera kudzatera pafupi ndi mwini wake. Mkati mwake mulibe munthu, mulibenso petulo. Ziyenda ndi mphamvu ya batire, ndipo woziyendetsa aima pansi atagwira kabokosi ka wailesi m'manja.

Munthu woona ali patali angayese kuti awa ndi masewera opepuka. Si tero ai. Zipangizo zake zambiri zicokera kunja kwa dziko, maka-maka ku China, ndipo zigulidwa ndi ndalama zakunja, kuonjezapo msonkho ndi mtengo wotumizira. Munthu wa pa nchito angasunge ndalama miyezi ingapo kuti akwanitse ndeke imodzi, ndipo ndekeyo ingaphwanyike pa mphindi yoyamba ngati kanthu kamodzi kanaiwalika. Pulopela yake itema cala monga mpeni, batire lake lingatenthe nyumba, ndipo kuiulutsa pa malo oletsedwa kungamfikitse munthu m'manja mwa apolisi. Cifukwa cake nchito yaikulu icitika ndeke isananyamuke, pa thebulo la kunyumba.

NZERUYI SI YA DZULO

Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, abale awiri amapasa a ku America, Walter ndi William Good, anapanga ndeke yaing'ono ya injini ya petulo imene anali kuiwongolera ndi wailesi. Ndeke za magetsi zinadza pambuyo pake. M'caka ca 1957 Colonel H. J. Taplin wa ku England anaulutsa ndeke ya wailesi yoyenda ndi mota ya magetsi, ndipo mu 1960 kampani ya Graupner ya ku Germany inayamba kugulitsa kandeke ka magetsi kochedwa Silentius, kamene anakalinganiza ndi Fred Militky. Militky yemweyo anathandiza kupanga ndeke ya magetsi yonyamula munthu imene inauluka ku Austria mu Okutobala 1973. Motero cimene cinayamba monga coseweretsa cinatsegula njira ya zazikulu.

Bvuto la masiku amenewo linali kulemera kwa mabatire. Ndeke inali kusenza katundu wolemera kuti iuluke mphindi zowerengeka. Zinthu zinasintha pamene mabatire a lithium, amene kampani ya Sony inayamba kugulitsa mu 1991, anafika m'manja mwa opanga ndeke zazing'ono pambuyo pa caka ca 2000. Nthawi yomweyo kunafala mota za mtundu watsopano zopanda makala okhudza pa cozungulira, zimene ziri zopepuka ndi zamphamvu. Mawailesi nawonso anasintha. Kale anthu awiri akayatsa mawailesi a nambala imodzi, mmodzi anali kugwetsa ndeke ya mnzake osadziwa. Mawailesi a 2.4 GHz, amene anafala ca m'ma 2005, amangirirana ndi ndeke yake-yake, kotero kuti anthu ambiri angaulutse pa bwalo limodzi popanda kusokonezana.

ZIWALO ZA NDEKE

Thupi ndi mapiko zipangidwa ndi mtengo wopepuka wa balsa, umene wambiri ucokera ku Ecuador, kapena ndi fomu, pulasitiki wopepuka wofanana ndi uja achingira nao mafiliji ndi mawailesi a kanema m'makatoni. Kumphuno kuli mota ndi pulopela. Pakati pa mota ndi batire pali kacipangizo kochedwa ESC, kamene kacepetsa kapena kuonjezera liwiro la mota monga momwe woyendetsa afunira. Palinso risiva, ndiko khutu la ndeke, kamene kamva zimene kabokosi ka m'manja kalamula. Risiva ituma mauthengawo ku timakina tochedwa masevo, ndipo masevo akoka tizitsulo timene tipinda tizitseko ta pa mapiko ndi pa mcira.

Tizitseko timeneti ndito tiwongolera ndeke. Ta kumapeto kwa mapiko, tochedwa maeleroni, tipendeketsa ndeke kumanja kapena kumanzere. Kogona ka kumcira, kochedwa eleveta, kadzutsa mphuno kapena kuiweramitsa. Koimirira ka kumcira kagwira nchito monga ciwongolero ca bwato. Ndeke yaikulu imene itera pa bwalo la Kenneth Kaunda iyendera malamulo omwewa, ndipo amene wamvetsa yaing'ono wamvetsa ciyambi ca yaikulu.

KUIKA MPHAMVU ZATSOPANO

Ndeke yakale imene yakhala pamwamba pa kabati ku Woodlands kapena ku Kabulonga kwa zaka makumi awiri ingapatsidwe moyo watsopano, ndipo yatsopano imene yafika m'katoni ku Kabwata kawiri-kawiri ifuna kuikonza isanaonetsedwe kumwamba. Cilako-lako ca woyamba kumene ndico kugula mota yaikulu koposa zonse. Uku ndi kulakwa, pakuti mota, pulopela, ESC ndi batire ziyenera kugwirizana monga ng'ombe za pa goli limodzi. Imodzi ikaposa zinzake, pulawo ikhota.

Coyamba ndi sikelo. Ndeke yophunzirira ifuna mawati 150 kufikira 200 pa kilogalamu iri yonse ya kulemera kwake, pamene yocita zopiringizika m'mwamba ifuna oposa pamenepo. Motero ndeke ya kilogalamu imodzi ikhuta ndi mawati 200. Mawati apezeka pocurukitsa mavolti ndi maampu. Batire la zipinda zitatu lipereka mavolti 11.1, kotero kuti mawati 200 afuna maampu pafupi-fupi 18. Munthu wanzeru sagula ESC ya maampu 18 eni-eni, koma ya 30, kuti pakhale mpata ndipo kacipangizoko kasapse. Pa mota palembedwa nambala yotsatana ndi zilembo KV, imene ionetsa kuti mota izungulira kangati pa mphindi imodzi pa volti iri yonse. Mota ya 1000 KV pa batire lotere izungulira pafupi-fupi ka 11,000 pa mphindi ngati iribe pulopela.

Pulopela nayo iri ndi manambala awiri, monga 9x6. Yoyamba ndi utali wake m'mainchi, ndipo yaciwiri ionetsa kupendeka kwa masamba ake. Pamenepa ndi pamene ambiri apsera, cifukwa kuonjezera inchi imodzi cabe pa utali kukweza kwambiri maampu amene mota ikoka. Wosamala alumikiza kopimira mawati pakati pa batire ndi ESC, namanga ndeke kuti isathawe, naiyesa kwa masekondi ocepa kuti aone ngati manambala sapitirira malire. Akatha akhudza mota ndi cala. Ngati yatentha kotero kuti cala sicingakhalepo, pulopela yakula ndipo iyenera kusinthidwa.

Mota yatsopano ifunanso pokhala polimba. Kathabwa ka kumphuno kamene kanali kukwana mota yakale kangazuke, motero kalimbitsidwe, ndipo pabooledwe timabowo tolowera ndi kuturukira mphepo yoziziritsa. Mota ikazungulira cobwerera, mankhwala ake ndi kusinthanitsa mawaya awiri ali onse mwa atatu aja. Mbali ya pulopela imene iri ndi zilembo iyang'ane kutsogolo. Mawaya alumikizidwe ndi mtobvu wosungunula, osati kupota ndi zala ndi kukulunga pulasitiki, pakuti polumikiza pofooka patentha ndi kuduka ndeke iri m'mwamba. Amene sadziwa nchitoyi apite kwa okonza mafoni, amene ali ambiri pakati pa mzinda, monga ku Town Centre Market, ndipo aphunzire poona manja ao. Pa nchito yonse ya pa thebulo pulopela icotsedwe, cifukwa mota ya magetsi siicenjeza. Iyamba mwadzidzidzi ndi mphamvu zake zonse, ndipo siima ngakhale yagunda dzanja.

MPWEYA WA LUSAKA

Pali cinthu cimodzi cimene mabuku odza m'katoni sachula. Manambala ao ambiri anayesedwa m'maiko a pafupi ndi nyanja yaikulu ya mcere, pamene Lusaka ali pamtunda wa mamita pafupi-fupi 1,280. Kumtunda mpweya upepuka, ndipo kukatentha upepukiratu. Masana a mwezi wa Okutobala, dzuwa litafika pa liwombo, mpweya wa Lusaka ucepa mphamvu ndi gawo limodzi mwa magawo asanu poyerekeza ndi umene mabukuwo awerengera.

Phiko liyandama pa mpweya monga bwato pa madzi, ndipo pulopela ipalasa mpweya monga nkhafi. Mpweya ukapepuka, ndeke iyenera kuthamanga koposa, pafupi-fupi gawo limodzi mwa khumi, kuti inyamuke. Ifuna mtunda wautali pothamangira, itera mwaliwiro, ndipo mota yake siizizira msanga. Ndeke yomweyo imene iuluka bwino m'mawa wa Juni ingaoneke yaulesi masana a Okutobala. Nzeru yake ndi kusunga ndeke yopepuka. Guluu wambiri, utoto wambiri ndi batire lalikulu mopitirira ndi katundu amene phiko lidzalipira. Ena asankha pulopela yokulirapo pang'ono kuti igwire mpweya wokwanira, koma atero atayamba ayesa ndi kopimira kaja.

BATIRE: KAPOLO WABWINO, MDANI WOOPSA

Batire la ndeke zimenezi lichedwa LiPo. Cipinda cake ciri conse cikadzaza cifika pa mavolti 4.2, ndipo sicifunika kutsika kufikira pansi pa mavolti 3, cifukwa cikatero cionongeka osaciranso. Lichajidwa ndi chaja yake-yake imene iyang'anira cipinda ciri conse pa cokha. Chaja ya foni kapena ya batire la galimoto siiyenera kuyesedwa konse. Batire la 2200 mAh lichajidwa pa maampu 2.2, ndipo litenga pafupi-fupi ola limodzi. Ngati lidzakhala masiku ambiri osasewenza, lisungidwe liri pa mavolti 3.8 pa cipinda, losadzaza ndiponso losatheratu.

Anthu a mu Lusaka adziwa bwino bvuto la magetsi. M'caka ca 2024, pamene cilala cinaphwetsa madzi a ku Kariba ndipo Boma linalengeza za tsoka la dziko pa 29 Febuluwale, makomboni ambiri anali kukhala maola oposa 20 pa tsiku opanda magetsi. M'nyengo yotere magetsi akabwera pakati pa usiku, munthu ayesedwa kulumikiza batire ndi kubwerera kukagona. Ici ndico coletsedwa coposa zonse. Batire la LiPo likalakwika lifufuma, lituruka utsi, kenaka liyaka ndi moto waukali umene ungagwire makatani ndi denga banja liri m'tulo. Lichajidwe mwini ali maso ndipo ali pafupi, pa simenti, kutali ndi nsaru ndi mapepala. Mphika wadothi wokhala ndi mcenga pansi ndi malo abwino olichajiramo, ndipo ndowa ya mcenga ikhale pambali. Mwai wake ndi wakuti machaja ambiri a mtunduwu alandira mavolti 12, motero angasewenze ndi batire la galimoto kapena la sola masana, anthu akuona.

Batire lisasiyidwe m'galimoto yotsekedwa padzuwa. Lofufuma, lophwanyika kapena lobooka lisasewenzetsedwenso ngakhale lioneke labwino kunja, pakuti cikome-kome ca mkuyu mkati muli nyerere. Palinso ngozi ya kuchire. Kuyambira Ogasiti kufikira mvula yoyamba udzu uli gwa, ndipo ndeke ikagwa mwamphamvu batire lake lingayatse lupsa limene lingathe msipu wa ng'ombe kapena udzu wofolerera wa eni malo. Ndeke ikagwa, mwini athamangire komweko, acotse batire ndi kuliika pa dothi loyera kufikira ataona kuti silitentha.

KULINGANIZA KULEMERA

Ndeke zambiri zimene ziphwanyika pa tsiku loyamba siziphedwa ndi mota koma ndi kulemera kosalingana. Mai wosenza mtolo wa nkhuni adziwa kuti pali malo amodzi pamene mtolo ukhazikika pa nkhata. Ndeke nayo iri ndi malo otere pansi pa phiko. Kwa ndeke wamba ya phiko lowongoka, malowo ali pakati pa gawo limodzi mwa anai ndi gawo limodzi mwa atatu a m'lifupi mwa phiko, kuyeza kucokera kutsogolo. Ngati phiko liri ndi masentimita 20 m'lifupi, malowo ali pa masentimita 5 kufikira 7. Mwini aika zala ziwiri pamenepo, cimodzi ku phiko liri lonse, nanyamula ndeke batire liri m'kati. Iyenera kukhala yowongoka kapena kuweramitsa mphuno pang'ono.

Ndeke yolemera kumphuno ibvuta kunyamuka ndipo itera mwaliwiro, koma imvera. Yolemera kumcira siimvera munthu. Idzutsa mphuno, niima m'mwamba, nigwa cammbali. Msampha uli pa ndeke yakale imene yapatsidwa zatsopano, cifukwa mota ndi batire za masiku ano ziri zopepuka kuposa zakale, ndipo mphuno ikapepuka mcira ulemera. Cofunika ndi kusendeza batire kutsogolo kufikira ndeke italingana, kulemba cizindikiro pa malowo, ndi kulimanga zolimba kuti lisasunthe pouluka.

Kenaka mwini aima kumbuyo kwa ndeke nayesa tizitseko tonse. Akakankhira kamtengo ka pa kabokosi kumanja, eleroni ya kumanja ikwere ndipo ya kumanzere itsike. Akakokera kwa iye, eleveta ikwere. Kuona cabe kuti tizitseko tigwedezeka sikukwanira, pakuti tingagwedezeke mobwerera, ndipo ndeke yotere igudubuka ikangocoka m'dzanja. Akoke kacitseko kali konse ndi zala kuti aone ngati mahinji agwira. Alinganizenso risiva kuti mota izime yokha ngati mau a wailesi atayika, kuti ndeke isapitirire yokha kufikira pa denga la munthu. Kabokosi ka m'manja kayatsidwa poyamba, batire la ndeke pambuyo, ndipo pomaliza batire licotsedwa kabokosi kasanazimidwe.

KODI IULUKIRE KUTI?

Funso limeneli ndi lobvuta mu Lusaka. Ku Kabwata nyumba ziri zothithikana, mawaya a magetsi apingasa misewu, ndipo mabwalo a mpira adzaza ndi ana. Woodlands ali pafupi ndi State House ndi kampu ya asilikali ya Arakan. Kabulonga ali m'mbali mwa City Airport, bwalo la ndeke la asilikali a Zambia Air Force. Chelstone ali pa mseu wa Great East, kufupi ndi mphambano yopita ku bwalo lalikulu la ndeke, limene linatsegulidwa mu 1967 ndi kupatsidwa dzina la Kenneth Kaunda mu 2011. Kandeke ka kilogalamu imodzi kakalowa mu injini ya ndeke yonyamula anthu kangadzetse maliro m'mabanja ambiri, ndipo kakaoneka pamwamba pa malo otetezedwa, alonda safunsa ngati ndi masewera.

Mlengalenga muli malamulo monga pa mseu. Bungwe la Civil Aviation Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2012, ndilo liyang'anira za ndeke m'dziko muno, ndipo liri ndi malamulo okhudza ndeke zopanda woyendetsa m'kati. Munthu asanaulutse ayenera kufunsa kumeneko zimene ziloledwa pa ndeke yake, maka-maka ngati iri ndi kamera kapena ngati afuna kupeza nayo ndalama. Safunsa anadya phula. M'maiko ambiri malamulo agwirizana pa mfundo izi: ndeke isakwere kupitirira mamita 120, ikhale poonekera kwa woyendetsa nthawi zonse, iuluke masana, ndipo italikire mabwalo a ndeke, misewu ndi makamu a anthu.

Motero ndeke ikonzedwa m'tauni koma malo ake oulukira ali kunja kwa mzinda, ku mapulazi ndi ku madambo. Kumeneko ndi kumene nkhaniyi ikhudza anthu a kumudzi. Mlendo wodza ndi ndeke ayambe waonekera kwa mwini pulazi kapena kwa nyakwawa, nafotokoze cimene wadzera, naonetse anthu mkati mwa cinthuco kuti aone mawaya ndi batire. Cinthu couluka copanda munthu cingadzetse mantha ndi manong'onong'o a za ufiti, koma anthu akacigwira ndi manja mantha atha. Eni mudzi nawonso adziwe kuti ndeke yotere ikagwera m'munda, ana asaithamangire kumphuno, asaibaye ndi mtengo, ndipo asacotse batire kukaseweretsa.

TSIKU LOULUKA

Nthawi yabwino ndi m'mamawa, mphepo isanadzuke ndipo mpweya ukali wozizira. Mphepo ya mwezi wa Ogasiti ndi akabvuluvulu a m'cilimwe si za wophunzira. Akafika pa bwalo, mwini ayesa wailesi. Mnzake agwira ndeke, iye nayenda mapazi 30 kabokosi kali pa mphamvu yocepa yoyesera, ndipo tizitseko tiyenera kumvera popanda kunjenjemera. Aponya udzu m'mwamba kuti aone kumene mphepo icokera, pakuti ndeke inyamuka ndi kutera moyang'anana ndi mphepo, monga icitira mbalame iri yonse. Oonerera aime kumbuyo kwa woyendetsa.

Ulendo woyamba wa ndeke yatsopano uperekedwe kwa munthu wozolowera. Iye aikweza pamwamba, naikonza kufikira iuluka mowongoka yokha, ndipo pamenepo apatsa wophunzira. Mawailesi ambiri alola kulumikiza mabokosi awiri kuti mphunzitsi alande ulamuliro zinthu zikabvuta, ndipo pali mapulogalamu a pa kompyuta ophunzirira popanda kuphwanya kanthu. Cimene cisokoneza onse oyamba ndi ici: ndeke ikamabwera moyang'ana mwini wake, dzanja lake lamanja liri ku manzere kwa munthuyo, ndipo zala zifuna kukhotera kolakwika. Palibe mankhwala ena koma kubwereza-bwereza. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nthawi nayo iwerengedwa. Pa batire la 2200 mAh asewenzetsapo magawo 80 pa 100 cabe, ndiwo 1760. Ngati ndeke ikoka maampu 15 pouluka, mphamvuyo itha pa mphindi 7. Wanzeru achera wochi pa mphindi 5 pa ulendo woyamba, natera mphamvu ikalipo yoti angazungulirenso ngati walephera kutera bwino. Miyezi ya kusunga ndalama ndi masabata a pa thebulo zithera pa mphindi zocepa zimenezi, ndipo amene abwerera kunyumba ndi ndeke yathunthu adziwa kuti sanacite mwai, anakonzeka.

PHINDU LAKE KU DZIKO

Wina angafunse kuti zimenezi zithandiza ciani munthu wolima cimanga ndi nsawawa. Yankho liri pafupi, kutsidya kwa malire. Mu Juni 2017 Boma la Malawi pamodzi ndi bungwe la UNICEF linatsegula ku Kasungu dera loyeseramo ndeke zopanda woyendetsa. Mu Novembala caka comweco ophunzira a ku Malawi, mothandizidwa ndi a sukulu ya Virginia Tech ya ku America, anapanga ndi manja ao ndeke za magetsi zochedwa EcoSoar, za mapiko a fomu, ndipo imodzi inauluka makilomita 19 kucokera ku cipatala ca Gogode kufikira pa bwalo la ndeke la Kasungu. Mu Januwale 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy yophunzitsa acinyamata a mu Africa nchito imeneyi. Ku Rwanda, kuyambira mu 2016, ndeke za magetsi za kampani ya Zipline zayamba kupereka magazi ku zipatala za kumapiri. Mota, batire, masevo ndi kulinganiza kulemera kwa ndeke zimenezo ndi zomwe zija aphunzira munthu pa thebulo la ku Chelstone. Amene anaonapo mlatho utakokoloka m'dzinja, wodwala ali tsidya lino ndi mankhwala ali tsidya linalo, amvetsa kufunika kwake.

Zambia ali ndi mbali yake m'cinthu cimeneci. Waya wokulungidwa m'kati mwa mota ndi wa mkuwa, ndipo m'mabatire ambiri a lithium muli kobalti, miyala imene ikumbidwa ku Migodi ndi ku Congo. Mu Epulo 2022 maiko awiriwa anasainirana pangano mu Lusaka lakuti agwirizane pa nchito yopanga mabatire. Koma miyala yokha siipanga cinthu popanda manja odziwa. Manja amenewo aumbidwa m'timagulu ta JETS, timene takhala m'masukulu a dziko lino kuyambira mu 1968, ndi m'masukulu monga Zambia Air Services Training Institute ya ku bwalo la ndeke la Lusaka, kumene aphunzitsa za kuyendetsa ndi kukonza ndeke.

M'mera mpoyamba. Mwana wa kumudzi amene apinda waya kufikira mawilo a galimoto yake atatembenuka ali kale ndi diso ndi kuleza mtima zimene nchitoyi ifuna. Cimene asowa ndi masamu, sayansi ndi munthu wamkulu womlimbikitsa. Makolo ndi aphunzitsi akaona mwana wotere asamnyoze kuti ataya nthawi. Amfunse cifukwa cake phiko lake lapendeka motero, amuonetse kuyeza ndi rula, ndipo amtumize ku sukulu tsiku liri lonse.